Kusanja anthu potengera maonekedwe pa makamera a CCTV

Kusanja anthu potengera maonekedwe ndi njira imene kompyuta, kapena munthu woonera kanema wa makamera a CCTV, amagawira anthu m'magulu poyang'ana zinthu zooneka patali. Zinthuzi ndi monga kutalika, kukula kwa thupi, kayendedwe, zovala, tsitsi, khungu, katundu amene munthu wanyamula, komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, mwana kapena wamkulu. Pa Chingerezi zizindikiro zoterezi amazitcha soft biometrics, pozisiyanitsa ndi zizindikiro zolimba monga zidindo za zala, kapangidwe ka m'diso ndi DNA.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi ndi kwakukulu. Chidindo cha chala chimaloza munthu mmodzi. Maonekedwe satchula munthu, amangomuika pa gulu. Mawu akuti "mwamuna wamtali, wochepa thupi, wovala malaya ofiira" amachotsa anthu ambiri pa mndandanda wa ofunidwa, koma amasiyanso ambiri amene akufanana ndi mawuwo. N'chifukwa chake njirayi imathandiza pofufuza, koma siikwanira kukhala umboni woti wakutiwakuti ndiye anachita chinthu.

Mbiri

Kufotokoza munthu potengera maonekedwe kunalipo makamera asanabwere. Uthenga wa munthu wosowa pa wailesi, kaya pa MBC kapena pa wailesi ya m'dera ngati Mudzi Wathu ya ku Mchinji, umatsata ndondomeko yomweyi: zaka, msinkhu, khungu loyererapo kapena lakuda, zovala zimene anavala tsiku losowa, ndi chipsera kapena chilema ngati chilipo. Wapolisi wolemba madandaulo a munthu woberedwa amafunsanso zomwezo.

Woyamba kuika zimenezi m'ndondomeko ya manambala anali Alphonse Bertillon, kalaliki wa ku polisi ya mu mzinda wa Paris ku France. Anayamba ntchito kumeneko mu 1879, ndipo anakonza zoti womangidwa aliyense aziyezedwa malo 11 a thupi, monga kutalika, kutambasuka kwa mikono, utali ndi mulifupi wa mutu, khutu la kumanja, phazi la kumanzere ndi chala chapakati. Manambalawo ankalembedwa pa khadi pamodzi ndi maonekedwe a maso, tsitsi ndi zipsera. Mu 1883 njirayi inagwira munthu woyamba amene anamangidwanso atasintha dzina, ndipo mayiko ambiri anaitengera. Kufooka kwake kunali kwakuti apolisi awiri poyeza munthu mmodzi ankapeza manambala osiyana pang'ono, pamene anthu awiri osiyana ankatha kupezeka ndi manambala oyandikana. Nkhani yotchuka ndi ya ku ndende ya Leavenworth ku America mu 1903, kumene mkaidi watsopano dzina lake Will West anapezeka kuti akufanana nkhope ndi miyezo ndi mkaidi wina, William West, amene anali kale m'ndendemo. Zidindo za zala zawo zinali zosiyana. M'zaka zotsatira apolisi a mayiko ambiri anasiya miyezo ya Bertillon n'kuyamba kudalira zala.

Maganizowa anabweranso makompyuta atafala. Mu 2004 Anil Jain ndi anzake awiri, Sarat Dass ndi Karthik Nandakumar, a pa Michigan State University, analemba za soft biometric traits, kutanthauza zizindikiro zimene zimanenako kanthu za munthu koma pazokha sizingamusiyanitse ndi wina aliyense. Cholinga chawo chinali kuziphatikiza ndi zidindo za zala kuti makina azilakwa mochepa. Ku University of Southampton ku England, Mark Nixon ndi ophunzira ake anafufuza za kayendedwe ka anthu komanso za kusandutsa mawu a mboni, monga "wamtali kuposa uja", kukhala zinthu zoti kompyuta ifufuze m'kanema.

Chifukwa chake makamera amadalira maonekedwe

Kamera ya CCTV nthawi zambiri imakhala pamwamba, pa khoma kapena pa mzati, ndipo imaona malo aakulu. Chithunzi chake chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo. Munthu akakhala patali, nkhope yake imagwera pa timadontho towerengeka. Muyezo wa ku Ulaya wa makamera achitetezo, EN 62676-4, unaika malire angapo. Pa timadontho 25 pa mita iliyonse, woonera amangodziwa kuti pali munthu. Pa timadontho pafupifupi 63 amaona zovala ndi zina zazikulu. Pa 125 angazindikire munthu amene amamudziwa kale. Pamafunika 250 kuti mlendo adziwike mopanda chikaiko. Mbali yaikulu ya zimene kamera ya pa msika, pa depoti kapena pa msewu imajambula imagwera m'magawo awiri oyambirira. Nkhope siioneka, koma malaya, msinkhu ndi chikwama zimaoneka.

Nkhope imathanso kubisika ngakhale pafupi: chipewa, chisoti cha woyendetsa njinga yamoto, kuwerama, kapena kungoyang'ana kumbali. M'chaka cha 2020, anthu atayamba kuvala zotchinga pakamwa ndi pamphuno chifukwa cha Covid-19, bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linapeza kuti mapulogalamu ozindikira nkhope amene anapangidwa mliri usanafike ankalephera pa zithunzi 5 mpaka 50 mwa 100 zilizonse, malinga ndi pulogalamu yake ndi mtundu wa chotchingacho. Kuyambira nthawi imeneyo ogulitsa makamera akhala akutsatsa kwambiri kufufuza potengera thupi ndi zovala.

Momwe kompyuta imachitira

Pulogalamu imayamba ndi kupeza anthu m'chithunzi n'kuzunguliza aliyense ndi kabokosi. Kenako gawo lina la pulogalamuyo limayang'ana m'kabokosimo n'kupereka mayankho ambiri nthawi imodzi, lililonse ndi mlingo wa chitsimikizo chake: mwamuna, wamkulu, malaya a mikono yaifupi, thalauza yakuda, chikwama cha kumsana. Mayankhowa amasungidwa limodzi ndi nthawi ndi nambala ya kamera. Wofufuza akalemba kuti akufuna mkazi wovala zobiriwira amene anadutsa pakati pa 6 koloko ndi 8 koloko m'mawa, kompyuta imatulutsa tizithunzi ta onse amene inawalemba choncho. Ntchito imene ikanatenga munthu tsiku lonse akuonera kanema imatha pa mphindi zochepa. Palinso njira ina yolondola munthu mmodzi kuchoka pa kamera ina kufika pa ina poyerekeza maonekedwe ake onse, popanda kudziwa dzina lake.

Pulogalamu yotereyi siibadwa ikudziwa. Imaphunzitsidwa ndi zithunzi zikwizikwi zimene anthu anazilemba kale mayankho pamanja, ndipo kumene zithunzizo zinajambulidwa n'kofunika kwambiri. Mulu wa zithunzi wotchedwa PETA, umene unatulutsidwa mu 2014 ndi ofufuza a ku Chinese University of Hong Kong, uli ndi zithunzi 19,000 za anthu 8,705. Wina wotchedwa Market-1501 uli ndi anthu 1,501 ojambulidwa ndi makamera 6 kutsogolo kwa sitolo pa Tsinghua University ku Beijing. Wa kayendedwe wotchedwa CASIA-B uli ndi anthu 124 okha, amene anawajambula akuyenda wamba, atavala chikhoti, ndiponso atanyamula chikwama. Mulu wina wotchuka, DukeMTMC, unajambulidwa pa Duke University ku America ndipo unachotsedwa pa intaneti mu 2019 zitadziwika kuti ophunzira ambiri anajambulidwa osapereka chilolezo. Chikwama chimene mapulogalamu amenewa anaphunzira ndi cha kumsana kapena cha m'manja. Dengu la pamutu, mwana wa kumsana ndi thumba la chimanga pa njinga si zimene zinadzaza zithunzizo.

Kuchuluka kwa anthu ofanana

Chitsanzo cha masamu chimaonetsa malire a njirayi. Tiyerekeze kuti kamera ikusiyanitsa amuna ndi akazi, magulu atatu a kutalika, magulu atatu a zaka, ndi mitundu 8 ya malaya. Kuchulukitsa 2, 3, 3 ndi 8 kumapereka magulu 144. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma la Mchinji. Atati agawidwe mofanana m'magulu amenewo, gulu lililonse likhala ndi anthu oposa 4,000. Ndipo anthu sagawika mofanana. Ambiri ndi a msinkhu wapakatikati, ndipo mitundu ina ya zovala ndi yofala kuposa inzake, choncho magulu amene anthu amafunidwa kawirikawiri ndiwo odzaza kwambiri. Kuwonjezera zizindikiro kumachepetsa gulu, koma chizindikiro chilichonse chowonjezera chimabwera ndi mpata wakewake wolakwika. Kamera ikalakwitsa chimodzi chokha, munthu weniweniyo amagwera kunja kwa mndandanda, n'kutsala osalakwa okhaokha.

Chimene chimachepetsa gulu kwenikweni ndi nthawi ndi malo. Amuna ovala malaya ofiira ndi ambiri m'boma lonse, koma amene anadutsa pa chipata chimodzi m'mphindi khumi ndi ochepa. Apa ndi pamene njirayi ili ndi phindu, makamaka pofunafuna mwana wosowa kapena polondola wakuba amene wangothawa asanasinthe zovala.

Kumalire a Mchinji

Malire a dziko ndi amodzi mwa malo amene opanga makinawa amawatchula kawirikawiri, pamodzi ndi mabwalo a ndege, masitolo akuluakulu ndi mabwalo a zamasewera. Dera la Inkosi Mlonyeni m'boma la Mchinji, chakumalire ndi Zambia, likuonetsa bwino chifukwa chake maonekedwe ndi mboni yofooka pa malo otere.

Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umadutsa pa boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, n'kukafika pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, kenako ku Chipata. Pa 7 Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chatsopano chimene wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo moima mbali zonse ziwiri. Chinamangidwa ndi thandizo la African Development Bank ngati gawo la njira ya ku doko la Nacala. Pa chipatapo munthu amadziwika ndi pasipoti kapena chiphaso cha anthu a m'malire, ndipo Amalawi ali ndi chitupa cha unzika chimene bungwe la NRB linapereka pa kalembera wa 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni anajambulidwa nkhope ndi zala. Zimenezi ndi zizindikiro zolimba. Koma malirewo ndi aatali, ndipo ali ndi tinjira tambiri todutsa m'minda ndi m'midzi. Ambiri odutsa m'tinjirati akupita ku maliro, ku msika, ku chigayo kapena kwa achibale. Ena akuzembetsa chimanga, feteleza kapena mafuta, ndipo ena akuzembetsa anthu, kuphatikizapo ana opita kukagwira ntchito m'minda ya ku Zambia, mlandu umene lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu linaikira zilango zokhwima. Wolondera malo otere, kaya ndi maso kaya ndi kamera, amaona anthu patali, ndipo chimene ali nacho ndi maonekedwe basi.

Vuto n'lakuti anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Angoni a kwa Mlonyeni ndi a kwa Zulu ndi a fuko limodzi ndi Angoni a Mpezeni a ku Chipata, amene Angerezi anawagonjetsa pa nkhondo ya mu 1898. Achewa a mbali zonse amalemekeza Kalonga Gawa Undi. Mwezi wa Febuluwale anthu amawoloka kupita ku Ncwala ku Mtenguleni, ndipo mwezi wa Ogasiti amapita ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete. Chiyankhulo n'chimodzi, zitenje zimagulidwa m'misika yofanana, kaunjika ndi yemweyo. Palibe msinkhu, khungu kapena chovala chimene chingasiyanitse Mmalawi wa kwa Mlonyeni ndi msuweni wake wa ku Mwami. Funso limene a malire amafuna kuyankha, loti munthuyu ndi nzika ya dziko liti, siliyankhidwa ndi thupi.

Zovala, zomwe kamera imaona mosavuta kuposa china chilichonse, ndi zimenenso zimasokoneza msanga. Amayi a Mvano akamapita ku msonkhano onse amavala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Ana a sukulu imodzi amavala yunifolomu imodzi. Nthawi ya kampeni mudzi wonse umatha kuvala nsalu ya chipani, ndipo tsiku la mpira jezi yofiira ya Bullets kapena yabuluu ya Wanderers imakhala paliponse. Kumbali ina, munthu wofuna kuthawa amangovula jekete n'kusanduka wa gulu lina. Nsalu yofika m'mapazi imabisa miyendo, pamene pulogalamu ya kayendedwe imadalira kwambiri miyendo. Mayi wosenza ndowa amayenda mosiyana ndi momwe amayendera wopanda katundu, ndipo kabokosi ka kompyuta kamatha kuwerengera ndowayo ngati mbali ya kutalika kwake. Duku limabisa tsitsi. Atsikana ambiri a sukulu amameta, pamene mapulogalamu ambiri anaphunzira kuona tsitsi lalitali ngati chizindikiro cha mkazi. Wakabaza amakhala pa njinga, choncho kutalika ndi kayendedwe kake sizioneka n'komwe.

Za zaka nazo n'zovuta. Patali, pulogalamu imaganizira zaka potengera kutalika ndi kapangidwe ka thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Muyezo wa msinkhu wochokera kwa anthu a ku Beijing kapena ku America ungachepetse zaka za munthu wa kuno, wamkulu n'kulembedwa ngati mwana. Pa nkhani ya kuzembetsa ana, malire a zaka 18 ndi amene amasintha mlandu wonse, ndiye kulakwa kwa zaka ziwiri kapena zitatu si kwakung'ono.

Usiku makamera ambiri amasintha n'kuyamba kujambula ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo chithunzi chimakhala chakuda ndi choyera. Mtundu wa malaya umasowa, ndipo nsalu ina yakuda imaoneka yoyera. Fumbi la m'chilimwe pa galasi la kamera ndi kuzima kwa magetsi zimawonjezera mavutowa.

Khungu ndi mtundu wa anthu

Gawo limene labweretsa mkangano waukulu ndi la khungu ndi mtundu. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani a IBM, Microsoft ndi Face++ amene amanena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Anagwiritsa ntchito zithunzi za aphungu 1,270 a nyumba za malamulo za Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden. Pa amuna a khungu loyera mapulogalamuwo sanalakwe kupitirira 0.8 peresenti. Pa akazi a khungu lakuda kulakwa kunafika 34.7 peresenti. Zithunzizo zinali zooneka bwino, za anthu oyang'ana kutsogolo, osati za kamera ya pa mzati. Mu Disembala 2019 NIST inayesa mapulogalamu 189 ozindikira nkhope ndipo inapeza kuti ambiri ankasokoneza anthu awiri osiyana kawirikawiri akakhala ochokera kumadzulo ndi kummawa kwa Africa kapena kummawa kwa Asia.

Kulakwa ndi vuto limodzi. Vuto lachiwiri limabwera pamene makina akugwira bwino ntchito. Mu 2018 nyuzipepala ya pa intaneti ya The Intercept inaulula kuti IBM inagwiritsa ntchito kanema wa apolisi a ku New York pokonza pulogalamu yofufuza anthu potengera khungu. Mu Disembala 2020 Washington Post, pamodzi ndi gulu lofufuza za makamera la IPVM, inalemba za chikalata chosonyeza kuti Huawei ndi Megvii anayesa pulogalamu yochenjeza apolisi kamera ikaona munthu wa mtundu wa Uyghur ku China. Huawei inayankha kuti kunali kuyesa chabe. IBM inalengeza mu Juni 2020 kuti yasiya kugulitsa mapulogalamu ozindikira nkhope, ndipo mu Juni 2022 Microsoft inanena kuti ichotsa magawo onena za zaka za munthu, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndi momwe akumvera mumtima.

Anthu a kumwera kwa Africa sakufunika kamera kuti amvetse kuopsa kwake. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amapita kukagwira ntchito, lipoti la Human Rights Watch la 1998 linafotokoza momwe apolisi ankaimitsira anthu powaganizira kuti ndi obwera chifukwa cha kuda kwa khungu, kavalidwe, kayankhulidwe, kapena malo a chipsera cha katemera pa mkono. Pa zipolowe zolimbana ndi obwera za mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za South Africa momwemo. M'Malawi, boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, apolisi anagwira anthu mazanamazana mu Meyi 2023 m'mizinda ndi m'matauni. Mawu akuti "Maburundi", amene anthu amatchulira aliyense wooneka ngati wochokera ku Burundi, Rwanda kapena Congo, ndi chitsanzo cha gulu lopangidwa ndi maso, limene limasakaniza wothawa kwawo, wamalonda wa ziphaso zokwanira ndi mwana wobadwira kuno. Chimodzimodzinso anyamata a ku Ethiopia amene amadutsa m'Malawi ndi Zambia pa ulendo wa ku South Africa. Maonekedwe awo amawapangitsa kuoneka msanga, ndipo ozembetsa amawabisa m'magalimoto otsekeka ndi m'nkhalango. Mu Okutobala 2022 manda a anthu 25 oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mitembo 27 inapezeka itatayidwa pafupi ndi Lusaka.

Gulu limene maonekedwe amaliloza mosaphonya kuno ndi la anthu achialubino. Kalembera wa 2018 anawapeza 134,636, osakwana mmodzi pa anthu 100 alionse. Kwa munthu wamba, mawu a kamera amamuika pakati pa anzake zikwi. Kwa munthu wachialubino pa msika wa kumudzi, chizindikiro chimodzi cha khungu chimatha kukhala ngati dzina lake. Kuyambira kumapeto kwa 2014 anthu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa m'maboma angapo chifukwa cha zikhulupiriro zabodza za ziwalo zawo. Kamera ingathandize kulondola mwana wobedwa, ndipo imeneyi ndi ntchito yabwino. Koma kaundula wosonyeza nthawi ndi njira imene munthu wotere amadutsa tsiku ndi tsiku ndi chinthu choopsa chikagwera m'manja olakwika. Mu 2022 Khoti Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa mlandu wa mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, ndipo pakati pawo panali wapolisi, wansembe ndi wogwira ntchito ya chipatala. Funso loti ndani ali ndi makiyi a kanemayo si lachabe.

Kufala kwa makamera m'chigawo chino

Mizinda ingapo ya mu Africa yaika makamera ambiri olumikizana m'zaka zaposachedwa. Zambia ili ndi ntchito ya Safe City imene inapatsidwa kwa kampani ya ZTE ya ku China. Uganda inagula makamera a Huawei a mu mzinda wa Kampala. Zimbabwe inagwirizana ndi kampani ya CloudWalk mu 2018 pa za kuzindikira nkhope. Ku Johannesburg kampani ya Vumacam, yomwe si ya boma, inaika makamera zikwi zingapo pa mizati ya m'misewu, ndipo imagulitsa ntchito yake kwa makampani achitetezo. M'Malawi makamera amaoneka kwambiri m'mabanki, m'masitolo, pa malo omwetsera mafuta ndi m'nyumba za anthu opeza bwino. Makina atsopano osungira kanema a makampani monga Hikvision ndi Dahua amabwera ali kale ndi gawo lofufuzira anthu potengera zovala ndi maonekedwe, choncho njirayi ingathe kufika pa malo popanda wina kulengeza kuti yafika.

Malamulo

Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 amaletsa tsankho mu gawo 20, kuphatikizapo la mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, dziko lochokera ndi ulumali. Gawo 21 limapereka ufulu wosalowereredwa pa moyo wa munthu payekha. Dzikoli linadutsapo nthawi imene maonekedwe anali mlandu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa asanaloledwe kulowa m'dziko. Lamulo la kavalidwelo linathetsedwa mu 1993.

Mlandu woyandikira kwambiri nkhaniyi ndi wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene apolisi anamugwira m'bandakucha mu Malichi 2015 ali pa ulendo wa ku msika wa Limbe. Anamutsegulira mlandu wa vakabu pansi pa gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, limene linkalola kugwira munthu wopezeka pa malo ndi nthawi yoganiziridwa kuti ali ndi cholinga choipa. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawolo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlanduwu sunakhudze makamera, koma unakhudza mfundo yomweyi: kungooneka ngati wokayikitsa si chifukwa chokwanira chomangira munthu.

Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limaika zizindikiro za thupi, mtundu wa munthu ndi za umoyo wake m'gulu la uthenga wofunika chisamaliro chapadera. Zambia inakhazikitsa lamulo lake lofanana nalo mu 2021, choncho kanema wojambulidwa pa chipata chimodzi chogwiridwa ndi mayiko awiri amakhudzidwa ndi malamulo a mbali zonse. Mtsutso umene ulipo m'mayiko ambiri ndi wakuti mawu ngati "mkazi, wamfupi, wovala zobiriwira" ndi uthenga wa munthu kapena ayi. Ogulitsa makina amati ayi, popeza mulibe dzina. Otsutsa amati mawuwo akaphatikizidwa ndi nthawi, malo ndi makamera angapo, amakwanira kulondola munthu mmodzi kuchoka pa depoti mpaka pakhomo pake.

Mayiko a mgwirizano wa European Union anapita patsogolo ndi lamulo lawo la AI, limene linayamba pa 1 Ogasiti 2024. Kuyambira pa 2 Febuluwale 2025 lamulolo likuletsa makina amene amagwiritsa ntchito zizindikiro za thupi pofuna kudziwa mtundu wa munthu, chipembedzo chake, maganizo ake a ndale, umembala wake wa bungwe la ogwira ntchito kapena za moyo wake wogonana. Linasiya mpata wina kwa apolisi, ndipo kusanja anthu potengera mtundu wa zovala kapena katundu wonyamula sikunalowe pa mndandanda wa zoletsedwazo.